Chilombo chovuuka m'nyanja

Dzulo madzulo, nditatha kugulitsa mtedza wanga pa msika wa Nsaru, ndinalowa m'kanyumba koonetsera kanema, momwe akulu ndi ana omwe tinathithikana pa mabenchi, chiguduli chitatchinga pakhomo. Ndipo taonani, Godzilla anavuuka m'nyanja, napondereza nyumba zosanjikizana za mu Tokyo monga umo njovu ipondera mapesi m'munda wa eni ake. Ine amene ndinakula ndikuthawa zilombo zochokera kudambwe, ndikumvanso kwa agogo za Napolo wogumula mapiri, mtima wanga unakondwera ndithu, pakuti ndinaona kuti anzathu a ku Japan nawonso adziwa kuumba mantha awo kuti akhale ndi thupi.

Chilombochi anachitulutsa ndi Ishiro Honda m'chaka cha 1954, patangopita zaka 9 mabomba atapsereza Hiroshima ndi Nagasaki, n'chifukwa chake pamene ana ankakuwa ndi chimwemwe, mkulu wina pambali panga anangogwira chibwano, nanong'ona kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Abale anga a ku Kabudula ndi ku Nambuma, amene ali ndi kanema wa chilombo china chotchedwa Mothra andiuze, ndidzapalasa njinga kudzaonera.