Mlendo ndi amene abwera ndi kalumo kakuthwa



Mwambi uli pamwambawu ndinauphunzitsa kwa zaka zambiri ndili mphunzitsi, ndipo nditakhala mphunzitsi wamkulu ndinkautchula kawirikawiri polandira aphunzitsi atsopano. Tanthauzo lake ndinkalidziwa bwino. Kale anthu ankametana ndi lumo, ndipo malumo a m'mudzi ankafika pobuntha onse chifukwa chobwerekana. Mlendo akatulukira ndi kalumo kake kakuthwa, mudzi wonse unkapindula. Chomwechonso mlandu umene wavuta eni mudzi umatha kumasulidwa ndi munthu wongofika kumene. Koma kudziwa mwambi ndi kwina, kukumana nawo pa njira ndi kwinanso. Ine ndinakumana nawo ndili nkhalamba, m'mudzi wa Chembe, kumene alendo amakutchula kuti Cape Maclear.

Munali m'mwezi wa Okutobala, mwera utaleka kuwomba, pamene ndinatenga adzukulu anga awiri okulira m'tauni, mnyamata ndi mtsikana, kuti akaone nyanja. Mumtima mwanga ndinkati ndikupita kukawaphunzitsa. Tinadutsa pa boma la Mangochi, ndipo titatsala pang'ono kufika ku Monkey Bay tinakhotera kumanzere, kulowa mumsewu wokhotakhota pakati pa mapiri a m'dera la Mfumu Nankumba. Anyani anali mbwee m'mbali mwa msewu.

Poyamba tinaima pa Mwalawamphini, chimwala chachikulu chokhala ndi mizere ngati kuti wina anachitema ndi mpeni. Adzukuluwo sankalidziwa liwu lakuti mphini. Ndinawafotokozera kuti agogo athu ankatema timabala ting'onoting'ono pankhope kapena pathupi, ena pofuna kudzikongoletsa, ena pothira mankhwala. Akatswiri a miyala amati mizere ya pamwalawo inadza yokha chifukwa cha dzuwa ndi mvula ya zaka zosawerengeka, koma amene anautcha dzina anaonapo nkhope ya munthu wa kwawo. Apa ndinali mphunzitsi ndithu, ndipo ndinakhutira.

Titafika ku Chembe tinapeza mudzi waukulu wa asodzi wotambalala m'mbali mwa mchenga. Usipa unali utayanikidwa pa mathandala, amuna akusoka makoka pansi pa mitengo, amayi akutsuka mbale ndi kuchapa m'mphepete mwa madzi. Nyumba zogona alendo zili mosakanikirana ndi nyumba za eni mudzi, kotero kuti mlendo akatuluka pa chipata amaponda pabwalo la munthu.

Apa mpamene ndinachita manyazi. Mdzukulu wanga wamwamuna anatulutsa foni yake nayamba kujambula amayi otsuka mbalewo osalankhula kanthu. Mayi wina wachikulire anaweramuka, ndipo sanayang'ane mwanayo ayi, anayang'ana ine. Anati: "Agogo, kodi kwanuko anthu sapereka moni?"

Funsolo linali langa, pakuti mwana akalakwa pamaso pa wamkulu, mlandu ndi wa wamkuluyo. Ndinavula chipewa n'kupepesa. Kenaka ndinamuuza mnyamatayo kuti aike foni m'thumba, anjate, afunse amayiwo mmene aswerera. Anachita monyinyirika, koma anachita. Mayi uja anaseka, namufunsa kumene achokera ndi kalasi imene ali, ndipo pamapeto pake iye yemwe ndiye anaitana anzake kuti aime bwino ajambulidwe. Adzukulu anga, gombe la Chembe si chionetsero. Ndi khitchini ya anthu, ndi bafa lawo, ndi malo awo a ntchito. Amene afika pamenepo wafika pakhomo pa eni, ndipo pakhomo pa eni timayamba ndi odi.

Madzulo ake tinapita kumanda a amishoni, pafupi ndi likulu la malo osungirako zachilengedwe. Dzina lakuti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland anafika pamalopa pa sitima yawo yotchedwa Ilala, ndipo pakati pawo panali Dr Robert Laws. Anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia, koma malungo anawasautsa. Dr William Black anamwalira mu 1877 ndipo anaikidwa pomwepo. Mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 inakwera ku Khondowe, kumene ili mpaka lero. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anthu amenewa anakhala pa Chembe zaka 6 zokha, komabe sukulu imene anaiyamba pamenepo ndi imodzi mwa mizu ya ntchito imene ine ndinadyera moyo wanga wonse. Ndinaima pamandapo chipewa chili m'manja.

Usiku tinakhala pamchenga kuonerera nyali za asodzi zitandandalika panyanja ngati mudzi wina woyandama. Ndinawauza anawo za chilimira, khoka lophera usipa ndi utaka, ndi za siginala, munthu amene amakhala m'bwato la nyali kukopa nsomba kuti zisonkhane. Kale nyalizo zinali za palafini, lero zambiri ndi zamabatire. Ndinagona ndikudziona ngati mwini nyanja.

M'mawa mwake tinachita hayala boti kupita ku chilumba cha Thumbi, chimene chimaonekera pafupi ndi mudzi. Mnyamata woyendetsa botilo anatilozera chilumba cha Domwe, nanena kuti alendo amphamvu zawo amapalasa timabwato topepuka kukafika kumeneko, ena mpaka ku Mumbo, ndipo ena amakwera mapiri a kuseri kwa mudzi kapena kukasambira ku Otter Point, malo otchedwa ndi dzina la katumbu. Titayandikira miyala anaimba mluzu naponya kansomba m'madzi. Nkhwazi inatsika kuchokera mumtengo, inatola kansombako ndi zikhadabo osanyowetsa mapiko, n'kubwerera. Anawo anakuwa ndi chimwemwe.

Kenaka mnyamata uja anatulutsa magalasi oonera pansi pa madzi, okhala ndi kapaipi kopumira. Adzukulu anavala nalowa. Ine ndinakhala m'boti ndi ndodo yanga, n'kuyamba kuwaphunzitsa kuti malowa anakhazikitsidwa kukhala Lake Malawi National Park mu 1980, kuti bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984, ndi kuti m'nyanjamu muli mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse. Mdzukulu wanga wamkazi anavuuka, nagwira m'mphepete mwa boti, nandifunsa: "Agogo, kodi inuyo munaziona nsombazo?"

Ndinasowa choyankha. Ndinalemba zimenezi pa bolodi kwa zaka zonse zija, ndinakwapulapo ana olephera kuzikumbukira, koma nsomba za m'nyanja yathu ndinkazidziwira m'mbale mokha: chambo, kampango, usipa, utaka. Mwanayo anavula magalasi ake nandipatsa. Ndinaopa, ndipo sindibisa. Koma mnyamata wa boti anandiveka chovala choyandamitsa, nandigwira dzanja pamalo osaya, nati: "Musaope bambo, ingodekhani."

Ndinamiza nkhope. Zimene ndinaona sindinaziyembekeze. Mbuna zinali paliponse pakati pa miyala, zina zabuluu ngati thambo, zina zachikasu, zina zamizeremizere, zikubudula ndere pamiyala mosatekeseka ndi nkhalamba imene inabwera kudzazizonda. Mnyamatayo anandiuza kuti mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa kufikira atakhwima, ndi kuti mbuna zambiri sizichoka pa miyala pamene zinabadwira, n'chifukwa chake chilumba china chimakhala ndi mitundu yakeyake. Anati n'chifukwa chakenso lamulo limaletsa kuwedza pa mtunda wa mamita 100 kuchokera m'mbali mwa zilumbazi. Nditamufunsa kumene anaphunzira zimenezi, anati anazimva kwa alendo ofufuza za nsomba amene ankawaperekeza, ndipo iye anawaphunzitsa kuwerenga mphepo ndi mafunde. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero akuluakulu, ndipo ine ndinadekha mochedwa.

Sindikuti zonse zimene alendo amabweretsa n'zabwino. Walira mvula walira matope. Ndinaona ana ena akutsata alendo kupempha ndalama nthawi ya sukulu, ndipo mtima wanga wauphunzitsi unawawa. Mukafuna kuthandiza mudzi, gulani kwa osema ziboliboli, kwa amayi ogulitsa nsomba, ndipo mulipire bwino mwini boti. Mwana mumufunse chifukwa chake sali m'kalasi. Kumbukiraninso kuti m'madzi a pafupi ndi mudzi mumapezeka likodzo, choncho mukasamba m'nyanja mudzapite kuchipatala kukayezetsa, pakuti mankhwala ake alipo. Ndipo mwera ukawomba, makamaka kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, mumvere asodzi akati lero sitiwoloka.

Pobwerera tinaimanso pa gombe paja, ndipo mdzukulu wanga wamwamuna, popanda womuuza, anapita kukatsanzika kwa mayi uja. Ine ndinamuphunzitsa moni, mlongo wake anandiphunzitsa kuyang'ana pansi pa madzi, ndipo tonse atatu tinali alendo ku Chembe. Mpaka lero ndikafunsidwa kuti anabwera ndi kalumo kakuthwa ndani pa ulendo umenewo, ndimaloza mwana wamkazi amene anandifunsa funso limene ana a sukulu onse aja sanayerekeze kundifunsa.

Tsono adzukulu anga, mukadzapita ku Chembe mudzayambe mwapereka moni kwa eni gombe, kenaka mudzavale magalasi aja. Ndipo ngati agogo anu ena akali ndi mphamvu, mudzawatenge. Tsalani bwino.