Chotupa cha m'chifuwa sichikhala TB nthawi zonse

Abale anga akumudzi, ndikulemba kuchokera kuno ku Cowdray Park, ku Bulawayo, chifukwa cha bambo ena achimalawi omwe timapemphera nawo. Adatsokomola kwa miyezi, naonda, ndipo tonse tinkati ndi TB. Makhololo adapimidwa, kachilombo osapezeka. Powaunika m'chifuwa mudaoneka chotupa, koma dzina la nthenda lidadziwika pomwe madokotala adadulako kanyama n'kukapima: melanoma, khansa ya timaselo timene timapatsa khungu mtundu wake.

Kuti khansa imeneyi iyambire m'chifuwa momwemo n'chinthu chosowa zedi. Kawirikawiri imachita kufalikiramo kuchokera kwina m'thupi, n'chifukwa chake dokotala adawavula nsapato, kuwayang'ana m'zikhadabo, m'kamwa ndi m'maso. Kwa ife akhungu lakuda imakonda kuyambira kunsi kwa phazi, ngati banga lakuda losapweteka. Ndani wa ife amayang'anako? Timangoti ndi minga kapena mang'a a chilimwe.

Kunoko zipangizo zidafika kale. Chipatala cha Mpilo chidayamba kaundula wa odwala khansa mu 1963, ndipo makina owotchera khansa m'zipatala za boma ali pomwepo ndi ku Parirenyatwa ku Harare. Koma sikani, kupimitsa kanyama, mankhwala, zambiri zimafuna madola a ku America, ndipo achibale amayamba kusonkha wodwala ali chigonere. Kwathu ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central sulipira, umalipira ndi kudikira. Kwa zaka zambiri wofunika makina owotchera khansa ankayembekeza mwayi wopita kunja, monga ku India, mpaka 2024 pomwe makina oyamba adayamba ntchito ku Blantyre, pachipatala cholipira.

Chowawa n'chakuti melanoma siimva kwenikweni makinawo, ngakhalenso mankhwala akale a khansa. Chimene chimapulumutsa ndi opareshoni, chotupa chisanafalikire. Mankhwala atsopano monga pembrolizumab, omwe ku America adavomerezedwa mu 2014, amadzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane nayo, koma mtengo wake munthu wa ku Cowdray Park kapena ku Ndirande sangaufikire.

Ndiye inu amene mukudwazika matenda, ngati makhololo sakuonetsa TB, kapena mankhwala akumwedwa koma munthu akuonderaonderabe, musachite manyazi kufunsa kuti kanyama kapimidwa liti. Tsatirani zotsatira zake, zilembedwe m'buku la kuchipatala. Ndipo banga lililonse lakuphazi lomwe likukula, kusintha mtundu kapena kutuluka magazi, kalionetseni sabata yomweyo.