Ndege Yathu Inakatera ku Harare

Ndege yochokera ku Johannesburg kupita ku Lilongwe imatenga maola awiri ndi mphindi zochepa. Basi ya ulendo womwewo imatha pafupifupi masiku awiri, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, ndipo amene anaikwerapo akudziwa mmene mapazi amatupira pofika pachipata cha Dedza. N'chifukwa chake ana athu amene ali ku Joni, akapeza kangachepe, amagulira makolo awo tikiti ya ndege, makamaka makolo okalamba ndi odwaladwala. Amati ndege siichedwa, munthu satopa. Zimenezo n'zoona, koma m'mwambamo thupi la munthu wodwala mtima limakumana ndi zinthu zimene ife ena sitizimva n'komwe.

Ndege zikuluzikulu zimauluka pamtunda wa makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi. Kumeneko munthu sangapume, choncho mpweya wa m'kati amachita kuupopa ndi makina, koma saufikitsa pofanana ndi wa pansi pano. Mukakhala m'ndege mapapo anu amagwira ntchito ngati muli paphiri lotalika mamita 1,800 mpaka 2,400, ngati kuti wina wakunyamulani n'kukakuikani ku Nyika m'kanthawi kochepa. Okosijeni amachepako m'magazi, ndipo mpweyawo umakhala wouma kwambiri. Wathanzi amangomva ludzu ndi katulo. Koma amene mitsempha yake ya mumtima ndi yopanikizika kale, kuchepa pang'ono kumeneko kumamulemera.

Ine ndinadzionera zimenezi Lachisanu lina m'mwezi wa Okutobala, ndikuchokera kukaona mchemwali wanga. Ndinali nditasankha dala ndege yonyamuka m'mawa kuti Sabata likandipeze ndili pakhomo, ndiwo zitapsa. Kutsogolo kwanga, kutsidya la kanjira kodutsamo, kunakhala bambo ena achikulire ovala jekete, pambali pawo pali akazi awo. Titauluka pafupifupi mphindi 40, mtsikana wina wogwira ntchito m'ndegemo, amene ankakankha kangolo ka zakudya, anaima mwadzidzidzi. Palibe anamuitana. Iye anangoona thukuta lili kamukamu pamphumi pa bambowo pamene tonsefe tinkamva kuzizira. Anasiya kangoloko m'manja mwa mnzake, n'kugwada m'kanjiramo kuti nkhope yake ifanane msinkhu ndi yawo.

Anthu ambiri timaganiza kuti ogwira ntchito m'ndege ndi operekera tiyi ovala bwino. Ntchito yawo yeniyeni ndi chitetezo. Amaphunzira kuzimitsa moto, kutulutsa anthu m'ndege mwachangu, kupereka chithandizo choyamba ndi kutsitsimutsa munthu amene mtima wake waima, ndipo maphunzirowo amawabwereza kawirikawiri. Pasanathe mphindi ziwiri kunabwera mayi wina amene anali mkulu wawo atanyamula kathanki ka okosijeni. Analengeza kuti ngati muli dokotala kapena namwino adzionetse, ndipo namwino wina amene anali kumbuyo anadzuka. Kenaka panabuka vuto lina. Bambowo Chingerezi ankachimva, koma ululu utawagwira ankayankha m'Chichewa chokha, ndipo namwinoyo sanali wa kwathu. Anafunsa ngati pali womasulira. Pakuti kumpingo ndimathandiza m'dipatimenti ya za umoyo, kuyeza anthu BP ndi shuga, mafunso oterewa ndinawazolowera. Ndinadzuka.

"Bambo, akufunsa kuti mukumva kupweteka pati?"

"Pachifuwa apa mayi. Ngati andisanjika thumba la chimanga. Kukufika mpaka m'dzanja ili."

"Kwayamba liti?"

Anayang'ana akazi awo, ndipo akazi awowo ndi amene anayankha. Kunayamba ali pamzere woti akwere ndege. Bambowo anati ndi chilungulira chabe, ndipo anawaletsa kuuza aliyense poopa kuti awabweza, tikiti ya mwana wawo n'kupita pachabe. Mankhwala awo a BP ndi a mtima anali m'sutikesi yaikulu imene inapita kunsi kwa ndege, kumene palibe angafikeko ndege ili m'mwamba.

Abale anga, apa ndiimepo pang'ono. Kulemera pachifuwa kumene kukufika kudzanja, kukhosi kapena kunsagwada, kophatikiza thukuta, nseru kapena phuma, si nkhani yodikira kuti tione mmene kuchere. Odwala shuga ndi amayi ena samva n'komwe ululu waukulu, amangofooka ndi kubanika. Ndipo mankhwala a tsiku ndi tsiku malo ake ndi m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi kapepala kolembapo maina ake ndi mlingo wake. Insulini makamaka sayenera kupita kunsi kwa ndege, chifukwa akazizira mpaka kuuma amawonongeka.

Zimene ndinkamasulira, mayi wamkulu uja ankazilemba papepala pamodzi ndi nthawi yake, kenaka n'kukazipereka kwa oyendetsa ndege. Makampani ambiri a ndege ali ndi madokotala apansi amene amawaimbira usana ndi usiku ndege ili m'mwamba. Ena mwa madokotala otere amakhala ku Phoenix, m'dziko la America, ndipo amalangiza ndege zouluka mbali zonse za dziko lapansi. Yankho linabwera loti tiwafunse ngati asipilini amawawenga kapena ngati ali ndi zilonda za m'mimba. Atakana zonse ziwiri, anawapatsa asipilini kuti atafune. Pambali anaikapo kabokosi kotchedwa AED, makina amene amamvetsera kugunda kwa mtima n'kuuwomba ndi magetsi ngati wasokonekera. Sanakagwiritse ntchito, koma kanali kotsekula kale.

Chinthu chimene sindidzaiwala ndi bulangeti. Anthu ena anali atadzuka m'mipando, mafoni m'mwamba, kujambula. Ndi khalidwe limene lafala kwathu kuno: ngozi ikachitika pamsewu, zithunzi zimafika pa WhatsApp ndi pa Facebook achibale asanamve uthenga. Mnyamata wina wa m'gulu la ogwira ntchitowo sanakalipire aliyense. Anatenga bulangeti, n'kulitambasula ndi manja awiri, n'kuima nalo m'kanjiramo ngati chitseko, uku akupempha mmodzimmodzi kuti akhale pansi ndi kubweza foni m'thumba. Anaima choncho kufikira nthawi yomanga malamba. Bambowo anali atavulidwa jekete ndi malaya, ndipo munthu wamkulu wotere sakanafuna kuti adzukulu ake adzamuone ali chomwecho pa intaneti.

Kenaka woyendetsa ndege analankhula. Sanazungulire. Anati muli munthu amene wadwala kwambiri, madokotala alangiza kuti afike kuchipatala msanga, choncho titera ku Harare pakatha mphindi 25. Anawonjezera kuti ndegeyo ilibe vuto lililonse. Mawu otsirizawa anali ofunika, chifukwa ndege ikayamba kutsika nthawi isanakwane mitima imathawira kutali. Mayi wina pafupi nane anali atayamba kale kulira. Mtsikana uja anapita kukamugwira paphewa, n'kumuuza kuti ayamwitse khanda lake pamene tikutsika kuti makutu asalipweteke.

Kupatutsa ndege si chinthu chimene amachita mwachisawawa. Kumadya mafuta, kumafuna malipiro a pabwalo limene simunakonzekere, ndipo anthu ena amaphonya ndege zina zimene amayenera kukwera. Dokotala amalangiza, koma mawu omaliza ndi a woyendetsa ndege. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine anaunika nkhani 11,920 za anthu odwala mwadzidzidzi m'ndege. Anapeza kuti zoterezi zimachitika paulendo umodzi mwa maulendo 604 alionse. Vuto lofala kwambiri linali kukomoka kapena chizungulire chofuna kukomoka, anthu 37 mwa 100 alionse. Ndege inapatutsidwa pa nkhani 7 zokha mwa 100, ndipo amene anamwalira anali atatu mwa 1,000. Kunena kwina, ambiri amatsitsimuka atagonekedwa, miyendo itakwezedwa, n'kupatsidwa madzi. Akafika poti titere, ndiye kuti aona kuti mphindi zikuwerengedwa.

Harare ndinamuonera pazenera, ndipo sindinayembekezere kuti angakongole chotere m'chilimwe. Okutobala ndi nyengo ya maluwa a jakaranda, ndiye misewu ya mzindawo imaoneka ngati mizere yofiirira yojambulidwa panthaka youma. Chakufupi ndi bwalo la ndege kuli miyala ikuluikulu yosanjikizana ya ku Epworth, yonga imene inkajambulidwa pa ndalama za dzikolo. Bwalolo lili chakummwera kwa mzinda, ndipo kuyambira 2017 limatchedwa Robert Gabriel Mugabe International Airport. Msewu wake wotera ndege ndi wa mamita 4,725, umodzi mwa yaitali kwambiri mu Africa muno, ndipo nsanja yake anaimanga motengera nsanja yamiyala ya ku Great Zimbabwe. Ambulansi inali itaima kale, nyali zikuphethira.

Tonse anatiuza kuti tikhalebe m'mipando kuti achipatala adutse. Analowa anyamata awiri. Mmodzi atamva mayi aja akulankhula ndi amuna awo, anawerama n'kunena kuti, "Agogo, musaope, tafika. Tikunyamulani bwinobwino." Chichewa chake chinali chopendekera ku Chishona, koma chinali Chichewa. Bambowo anatsegula maso n'kumufunsa kuti kwawo n'kuti. Iye anati anabadwira konko, koma agogo ake anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Anthu otere ku Zimbabwe alipo ambiri, zidzukulu za matchona amene anapita m'migodi ndi m'mafamu nthawi ya atsamunda, mzindawo ukutchedwa Salisbury, dzina limene linasinthidwa mu 1982. Ntchito yanga yomasulira inathera pamenepo.

Mayi aja anatsika nawo amuna awo, atagwira mapasipoti awiri ndi kachikwama. Foni yawo sinkagwira m'dziko lachilendo. Mayi wamkulu wa ogwira ntchito uja anawaimitsa pakhomo, n'kulemba nambala ya mwana wawo wa ku Johannesburg, ndipo anaonetsetsa kuti wogwira ntchito wa pansi waiimba iwo asanakwere ambulansi. Anawapatsanso pepala lija la nthawi ndi mankhwala kuti akapereke kwa dokotala, ndi botolo la madzi. Ine ndinakopera nambalayo kuseri kwa tikiti yanga.

Tinakhala pansi maola awiri ndi theka. Anayenera kufufuza masutikesi a banjalo pakati pa katundu yense, chifukwa katundu sapitirira ulendo mwini wake atatsika, kenaka kuthira mafuta ndi kukonza mapepala atsopano a ulendo. Apa ndiye ndinaona mbali ina ya ntchito yawo, imene mwina ndi yovuta kuposa yoyamba ija. M'ndege munayamba kutentha. Bambo wina wa tayi anakweza mawu kuti ali ndi msonkhano ku Lilongwe, ndani amubwezera nthawi yake? Mtsikana yemwe uja, amene manja ake ndinawaona akunjenjemera pothira madzi m'makapu, anamumvetsera mpaka anamaliza, n'kumuuza zoona: kuti mphamvu yofulumizitsa ndege alibe, koma akangomva nthawi yonyamukira adzayamba kuuza iyeyo. Ndipo anachitadi zimenezo. Pokhapo pamene ndinaona kuti panaperewera ndi poti ola loyamba linatha popanda chilengezo chilichonse. Anthu amapirira kudikira akamauzidwa chimene akudikira, ngakhale uthengawo ukhale woti palibe chatsopano. Kuchipatala n'chimodzimodzi, ndipo ngakhale ife tikamayeza anthu BP pakhonde la tchalitchi, mzere ukatalika timayenera kutuluka n'kukawauza.

Chakudya chimene chinatsala chinali masangweji a nyama. Nditanena kuti sindidya, sanandiyang'ane modabwa, anakandipezera nthochi ndi mtedza. Amene mumafuna chakudya chopanda nyama, pemphani pogula tikiti kapena kudakali masiku awiri, chifukwa m'ndege amanyamula chowerengera, komanso ikani kamba wanu m'chikwama. Kwa wodwala shuga, ulendo wa maola awiri ukasanduka wa maola asanu, kambayo ndi mankhwala.

Tinatera pabwalo la Kamuzu dzuwa litapendeka kwambiri, ndipo pamene ndinkatuluka ndi katundu linali likulowa. Sabata linandipeza m'galimoto pamsewu wa M1, pakati pa Lumbadzi ndi Kanengo, ndiwo zosaphika. Mumtima munalibe chodandaula. Ambuye wathu anachiritsa anthu pa Sabata, ndipo maola anga okonzekera anathera pa munthu amene anafunika kufika kuchipatala.

Sabata litatha ndinatumiza uthenga ku nambala ija. Mwana wawo anayankha kuti anakwera basi usiku womwewo kupita ku Harare, ndipo madokotala anatsimikiza kuti unali mtima. Bilu ya chipatala inagwera banjalo, pakuti pogula tikiti sanatenge inshuwalansi ya paulendo, ndipo abale anachita kusonkherana. Bambowo anatuluka m'chipatala patatha masiku asanu ndi limodzi, n'kukhalanso milungu iwiri kwa wachibale ku Highfield kufikira dokotala atawalembera kalata yowaloleza kukweranso ndege.