Chigoli cha Pafupi: Zimene Tinaphunzira ku Mwanza

Mukatchula Mwanza, ambiri amayamba kuganiza za manachesi. Ena amaganiza za mathiraki ondandalika pa chipata cholowera ku Mozambique, pamene achikulire amakumbukira ku Thambani, kumene nduna zitatu ndi phungu mmodzi anapezeka atafa mu May 1983. Ife tinapitako ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi, sikelo ndi kope, koma tinabwerako ndi phunziro la kaponyedwe ka mpira wa manja pansi pa golo. Tati tikugawireni, chifukwa mwina lingagwire ntchito pakhomo panu.

Tinalipo anayi, tonse odzipereka pa ntchito ya zaumoyo ku mpingo kwathu. Tinanyamuka mu Blantyre Lamulungu lina la mu June kukali mbandakucha, titavala majuzi. Tinadutsa Lunzu ndi Lirangwe, n'kutsetsereka mpaka pa mlatho wa Shire pa Zalewa. Apa majuzi tinavula, pakuti dera limeneli ndi la malambe, ndipo dzuwa lake silidziwa kuti kuli nyengo yozizira. Titawoloka mlatho tinasiya msewu wa ku Lilongwe n'kukhotera kumanzere, mu msewu wa M6. Chigawo choyamba cha msewuwu chili m'boma la Neno, lomwe linali mbali ya Mwanza mpaka mu 2003. M'mphepete monse munali matumba a makala, ndipo mapiri ambiri anali ometeka. Kenako msewu unayamba kukwera, mphepo inazizira, milu ya manachesi inayamba kuoneka m'mabeseni ndi m'madengu. Palibe amene anafunikira chikwangwani kuti adziwe kuti tafika.

Pa boma la Mwanza ndi pa njira. Mabasi a ku Johannesburg ndi mathiraki opita ku Tete ndi ku Harare amadutsa pomwepo, ndipo Zobue ali makilomita ochepa kutsidya kwa malire. Ife sitinachedwepo. Tinakwera njinga zamoto zakabaza kulowera kumudzi wina wa cha kumwera, kumene gulu la amayi linatiitana.

Pansi pa mtengo wa mango

Tinayala zipangizo zathu pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi bwalo la sukulu. Amayi anabwera mmodzimmodzi, kupinda mkono wa bulauzi n'kukhala phee. Angapo tinawapeza ndi magazi othamanga kupitirira 140/90, ndipo tinawalembera kapepala kuti akayezetsenso kuchipatala. Tinanena zimene timanena kulikonse: mchere usafike sipuni yaing'ono yodzaza patsiku, soda achepe m'ndiwo zamasamba, ndipo thupi ligwedezeke mphindi zosachepera 150 pa mlungu, monga limalangizira bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO.

Mayi wina anaseka. "Alangizi, nthawi yolima zimenezo sitisowa. Koma miyezi ino ambirife timangokhala pamsewu kudikira ogula manachesi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Chimene chinkatithamangitsa ndi ntchemberembaye, Lachiwiri ndi Lachinayi. Tsono timuyo ikutha."

Tinafunsa chifukwa. Onse anayang'ana kwa mayi wachitsikana amene anakhala kumapeto, mwana ali kumsana. Iyeyo ndiye anali woponya zigoli. Pa masewero awo omaliza ndi mudzi woyandikana nawo, anaphonya katatu motsatizana ali pansi penipeni pa golo, masewero ali pafupi kutha. Anyamata a m'mbali mwa bwalo anamukuwiza, ena n'kumamutsanzira mpaka ku mjigo. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pabwalo. Anzake anabwera mlungu woyamba, wachiwiri anachepa, wachitatu panangofika anthu atatu.

Amene anasewerapo mpira wa manja amvetsa. Mwa osewera 7, awiri okha ndiwo amaloledwa kuponya zigoli. Thukuta la timu yonse limathera m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo akaphonya, aliyense amaona. Apa tinazindikira kuti uphungu wathu wa mphindi 150 unali utaima pa chinthu chimodzi chaching'ono: mayi ameneyu ayambenso kugoletsa.

Pabwalo

Golo wake anali mtengo wa bulugamu wokhala ndi mkombero wachitsulo wopindidwa ndi owotcherera. Mizere inali ya phulusa. Mmodzi wa ife, amene ankasewera ku sekondale, anatenga mpira kuti asonyeze. Anaponya kasanu, unalowa kamodzi. Ana anagwa nacho chikhakhali, ife n'kumangoyang'ana pansi.

Pamenepo panadzuka gogo wina amene tinali titangomuyeza kumene. Anamanga chitenje mwamphamvu n'kunena kuti, "Tandipatsani, ana inu." Anaima phazi limodzi kuchokera pa golo, anakweza mpira pamwamba pa mutu, anapinda mawondo pang'ono, mpira n'kulowa osakhudza chitsulo. Anabwereza kanayi. Kenako anaitana mayi wachitsikana uja. "Mwanangu, mpatse mwanayo mnzako, ubwere kuno."

"Agogo, ine manja anga anatha."

"Manja ali bwinobwino. Vuto lako ndi changu. Umaponya ngati mpirawo ukukuotcha."

Zimene gogoyo anaphunzitsa tinazilemba m'kope lomwelo la kuthamanga kwa magazi. Anayamba ndi mapazi, osati manja. Mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, zala zake ziloze ku golo, thupi lisapendekere kutsogolo. Munthu amene akugwa sangalunjike.

Chachiwiri, mpira ukhale pamwamba pa mutu, utsamire pa zala za dzanja limodzi, osati pachikhatho. Dzanja linalo lingougwiriziza m'mbali. Mayi uja ankaukankha ndi manja onse awiri kuchokera pachifuwa, ndiye dzanja lamphamvu linkaupotoza. Chigongono nacho chiloze ku golo, chisatuluke panja ngati phiko la nkhuku.

Chachitatu, mphamvu ichokere m'mawondo. Upinde pang'ono, uwongoke, mpira uchoke pamene thupi latambasuka, ndipo dzanja litsale m'mwamba zala zitaweramira kutsogolo. "Ngati ukuika nachesi m'dengu lili pamutu pa mnzako wamtali," anatero gogoyo. "Sugenda. Umaika."

Chachinayi, mpira ukwere kaye kenako utsike. Gogoyo anatenga ndowa, naiimika patsogolo pathu molingana ndi maso. Kukamwa kwake kunkaoneka kopapatiza ngati kamzere. Ataitsitsa kuti tiyang'ane chochokera pamwamba, kunaoneka kotakasuka. Ndi mmene zilili ndi golo. Pa malamulo, mkombero umakhala mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo kukamwa kwake ndi masentimita 38, pamene mpira ndi wa masentimita pafupifupi 22. Malo alipo okwanira, koma amaoneka kwa mpira wotsika kuchokera kumwamba. Kumbuyo kulibe thabwa loti liubweze, choncho mpira wothamanga chopingasa umangomenya chitsulo.

Chomaliza chinali cha maso ndi mpweya. Woponya asankhe kadontho kamodzi pa mkombero n'kukayang'anitsitsa, asayang'ane manja a womutchinga kapena anthu a kunja. Lamulo limapatsa munthu masekondi atatu ali ndi mpira, ndipo wotchinga ayenera kuima masentimita 90 kuchokera kwa iye. Masekondi atatu ndi okwanira kuponda bwino, kupuma kamodzi n'kuponya. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero gogoyo, amayi onse n'kuvomera.

Phada wa kutali

Titamufunsa kumene anaphunzira zimenezi, analoza ana amene ankasewera phada kuseri kwa kalasi. Mwana wodziwa phada saponya phale lake mwamphamvu. Amaima chimodzimodzi nthawi zonse, amayang'ana chipinda chimodzi, n'kuliponya mofatsa kuti ligwe chafufumimba osadumpha mzere. Amayambanso ndi chipinda chapafupi asanafike chakutali.

Mnyamata wa m'gulu lathu anatulutsa foni n'kutionetsa masewero otchedwa disc golf, otchuka ku America ndi ku Finland. Osewera amaponya kambale kapulasitiki kuti kalowe mu dengu lachitsulo lokhala ndi matcheni olendewera. Amayamba ndi kuponya kutali, koma mpikisano umapambanidwa kapena kuluzidwa pa kuponya komaliza, kwa pafupi. Lamulo lawo limati munthu akakhala mkati mwa mamita 10 kuchokera pa dengu, asagwere kutsogolo akaponya, asonyeze kaye kuti waima bwino. Aphunzitsi awo amalangiza kusankha mfundo imodzi ya tcheni n'kuiyang'anitsitsa, kukankha ndi miyendo, ndi kuyeserera pafupi mpaka dzanja lizolowere. Gogo uja anayang'ana kanthawi, n'kubweza foni. "Ameneyu ndi phada wa azungu," anatero.

Tinakumbutsananso kuti luso limeneli si lachilendo kwathu kuno. Mary Waya anatchuka nalo zaka zambiri. Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mu 2015 ku Sydney, ndipo mu 2018 ma Queens anagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53 pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast. Mukaonerera masewero otere mudzapeza kuti zigoli zambiri si zakutali zodabwitsa ayi. Ndi zapafupi, zoponyedwa mofanana, mobwerezabwereza.

Zisanu kaye

Gogoyo anaimika mayi uja phazi limodzi kuchokera pa golo. Lamulo linali loti alowetse zisanu motsatizana asanabwerere m'mbuyo ndi phazi lina, ndipo akaphonya ayambirenso kuwerenga. Poyamba ankafika pawiri n'kuphonya. Ulendo wina anafika pa zinayi, mwana wake analira, iye anacheuka, mpira unapita padera. Anafuna kuchoka, koma gogoyo anamugwira pamkono. "Mwana ali ndi azakhali ake. Iwe yang'ana chitsulo."

Zisanu zoyamba zitakwana, amayi analulutira ngati pa ukwati. Kenako gogoyo anamuthamangitsa kuzungulira bwalo kawiri kuti aponye ali wefuwefu, pakuti pa masewero enieni palibe amene amaponya atapuma. Anaitananso anyamata awiri mwa aja ankamuseka, kuti azimukupizira manja kumaso n'kumakuwa. Anyamatawo anayamba mwamanyazi, koma pomaliza ndiwo ankawerenga zigoli mokweza. Pa mipira 10 yomaliza analowetsa 7.

Ife tinangowonjezera za udindo wathu. Amene magazi awo anakwera kwambiri ayambe apita kuchipatala asanayambe kuthamanga, ndipo amene ali pa mankhwala asawasiye poti ayamba masewero. Asanalowe m'bwalo aziyenda mwandawala mphindi zingapo kuti thupi litenthe, azibwera ndi madzi akumwa, ndipo womva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa aleke pomwepo. Amene mawondo sawalola kudumpha angathe kuponya zigoli ndi kutolera mipira, osangokhala kunyumba.

Pakhomo panu simufunika bwalo. Ndowa yakale yobooka kunsi, yomangirira pa mtengo, ndi golo wokwanira. Mpira wa mapepala apulasitiki nawo umalowa. Mphindi 10 madzulo aliwonse, bambo, mayi ndi ana kulandizana, aliyense zisanu asanasunthe. Ndipo wina akaphonya, musamuseke. Tinaona ndi maso athu kuti kuseka kwa tsiku limodzi kunatsala pang'ono kukhazika pansi amayi a mudzi wonse.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka, aliyense ndi jumbo la manachesi limene anatikaniza kulipira. Pofika pa Zalewa kunali kutada, minibasi yonse ikununkhira makoko. Lachinayi lotsatira madzulo, mtsogoleri wa amayi aja anatiimbira foni. Pabwalo panafika amayi 12, ndipo awiri mwa amene tinawalembera timapepala anali atapita kale kuchipatala. Woponya zigoli uja ndiye anayambirira kufika, ndi phulusa lojambulira mizere.