Tisanagule masheya, tiwerenge zimene tingataye

Ife amene tinakulira ku Lundazi timadziwa kuti mlimi wanzeru sadzaza munda wonse ndi mbewu imodzi. Uku chimanga cha nsima, uku nshawa, kumapeto soya wogulitsa. Mu 2023 mtengo wa soya utagwa, FRA n'kunena kuti sigula, amene analira kwambiri ndi aja anabzala soya paliponse chifukwa cha mtengo wokoma wa chaka chapitacho.

Lero ambiri a ife tili m'tauni, foni m'manja, ndipo tayamba kugula masheya pa Lusaka Securities Exchange, msika umene unatsegulidwa mu 1994. Timakangana za Zambeef, Zanaco, Zambia Sugar, CEC. Aliyense amafunsa kuti, "Ndigule kampani iti?" Ndi ochepa amene amafunsa kuti, "Ndigule angati?" Koma funso lachiwirili ndi limene limasunga mpamba.

Masamu ake ndi osavuta. Tinene kuti tasunga K5,000. Tisanagule, tipangane ndi mtima wathu kuti pa kampani imodzi sitilola kutaya ndalama zopitirira 2 peresenti, ndiye kuti K100. Sheya ili pa K5, ndipo taganiza kuti ikatsika kufika pa K4.50 tigulitsa. Pa sheya iliyonse tingataye 50 ngwee. K100 tikaigawa ndi 50 ngwee, tipeza masheya 200, a K1,000. Pathera pamenepo, ngakhale mnzathu alumbire kuti mtengo ukwera mawa. K4,000 yotsalayo idikire mwayi wina.

N'chifukwa chiyani tiumire chonchi? Chifukwa kugwa ndi kudzuka sizilingana. K5,000 ikatsika ndi theka, yatsala K2,500. Kuti ibwerere pakale, iyenera kukwera ndi 100 peresenti. Koma amene amataya K100 pa ulendo umodzi, ngakhale zimuvute kasanu motsatizana, amakhalabe ndi ndalama pafupifupi K4,500 zoyambirapo.

Msika wathu ulinso ndi vuto lake. Ndi waung'ono, ndipo masheya ena amatha masiku osapeza wogula. Tingafune kugulitsa pa K4.50 koma wogula n'kupezeka pa K4. Palinso ndalama ya broker imene timalipira pogula ndi pogulitsa. Zonsezi zikutiuza chinthu chimodzi: tilowe pang'ono, kuti potuluka pasatipanikize.

Ndipo pali ndalama zimene siziyenera kufika pamsika n'komwe. Ya lendi, ya chilimba, ya kaloba, ndi ija timatumiza kumudzi mu October kuti makolo agule fetereza. Ikatayika imeneyo, otaya si ife tokha. Nkhokwe ya kwathu ndi imene imakhala yopanda kanthu mu February.

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Msika udzatsegulanso Lolemba likubwerali, ndi linzake. Chofunika n'chakuti likatipeza, tikhale tikadali ndi kanthu m'thumba.