Nyanja ikhale ya eni ake: zomwe ndaona pa magombe a ku Ulaya ndi a kwathu

Kuno ku Glasgow anthu amayamba kulimbirana mwezi wa Julaye akadali mu Januwale. Kuntchito kwathu, kunyumba yosamalirako okalamba, abwana amapachika kalendala ya chaka chonse, ndipo aliyense amathamangira kulembapo masabata amene adzapume. Ukachedwa umapeza nyengo yonse yotentha yatengedwa. Wokolopa, wophika, namwino, onse amadziwiratu kumene adzapite: wina ku Mallorca, wina ku Crete, wina ku Algarve ku Portugal, wina pafupi pompano pachilumba cha Arran. Ambiri mwa iwowa malipiro awo ndi otsikitsitsa amene lamulo limalola. Ndiye funso langa ndi ili: zimatheka bwanji kuti munthu wamba wa kuno amafika kunyanja chaka ndi chaka, pamene ife eni nyanja yokongola chonchi ambiri timangoiona pa zithunzi?

Ena munena kuti azungu ali ndi masiku ambiri opuma. Ku Britain munthu wogwira ntchito masiku 5 pa sabata ali ndi masiku 28 a tchuthi cholipidwa pa chaka, koma olemba ntchito amaloledwa kuwerengera momwemo maholide a boma. Kwathu lamulo la ntchito la 2000 limapereka masiku 15 kwa wogwira masiku 5 pa sabata, ndi 18 kwa wogwira masiku 6. Mukaphatikizapo maholide athu muona kuti sitikusiyana kwenikweni. Tikusiyana pa zinthu ziwiri. Poyamba, ambiri kwathu ndi alimi, mavenda ndi aganyu, amene lamulolo siliwafika n'komwe. Kachiwiri, amene ali nawo masikuwo amawathera pa zina: maliro, kumanga chiliza, chinkhoswe cha mphwawo, kukolola chimanga, kulondera mmisiri amene akumanga nyumba. Sindikunyoza. Masiku amenewo ndi amene amagwirizitsa mbumba, ndipo ine amene ndimasambitsa agogo osaonedwa ndi ana awo chaka chathunthu ndikudziwa mtengo wake. Koma zotsatira zake n'zakuti munthu amapuma pantchito ali ndi zaka 60 asanapumepo.

Mwambo wopita kunyanja kuno unafala kwambiri pakati pa anthu a m'mafakitale. Kalekale mu Julaye, pa nthawi yotchedwa Glasgow Fair, mafakitale ndi malo opangira sitima ankatseka kwa masabata awiri, ndipo mabanja ankadzaza sitima zotsika mtsinje wa Clyde kupita ku Rothesay pachilumba cha Bute, ku Dunoon ndi ku Millport. Dziko la France linakhazikitsa tchuthi cholipidwa cha masabata awiri mu 1936, Britain n'kukhazikitsa lamulo lake mu 1938. Ku Italy mpaka lero pa 15 Ogasiti, tsiku la Ferragosto, mizinda imatsala yopanda anthu chifukwa onse atsikira kugombe. Anthu omwewo a m'mbali mwa Clyde ndi amene anapanga sitima yathu ya Ilala mu 1949, pa kampani ya Yarrow ku Scotstoun. Inatumizidwa zidutswazidutswa, n'kudzalumikizidwa kwathu, ndipo inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Amisiri amene anaikhoma misomali ankapita ndi ana awo kuzilumba chaka chilichonse. Ife amene tinailandira, ndi angati tinaikwerapo popanda kuthamangira maliro kapena kukagula usipa wa geni?

Chimene chimapeputsa ulendo kuno ndi mayendedwe. Ukafuna kupita ku Great Cumbrae umakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Largs, n'kuwoloka pa chombo kwa mphindi pafupifupi 10. Kumeneko anthu amabwereka njinga n'kuzungulira chilumba chonse, madzulo ali kunyumba. Ku Arran ulendo wa pamadzi ndi wa pafupifupi ola limodzi. Zombo zambiri za kuzilumba za kumadzulo kwa Scotland ndi za kampani ya boma, ndipo mitengo yake inatsitsidwa dala kuti ifanane ndi zimene munthu akanawononga akanayenda mtunda womwewo pamsewu. Ku Skye anamanga mlatho mu 1995, anthu anakana kulipira powoloka mpaka msonkhowo unachotsedwa mu 2004. Ku Spain munthu wokhala kuzilumba za Balearic kapena Canary boma limamulipirira 75 peresenti ya tikiti ya ndege kapena sitima akamapita kumtunda. Zombo za kuno nazonso zimawonongeka, anthu a kuzilumba n'kumadandaula mpaka kunyumba ya malamulo, koma boma limaziwerengera ngati msewu umene suyenera kuduka.

Taganizani za Likoma ndi Chizumulu. Ndi zilumba zathu, ngakhale zili m'madzi a mbali ya Mozambique. Ku Likoma kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha Anglican chimene anayamba kumanga mu 1903, kuli malambe, miyala ndi mchenga woyera woti sungauchotse maso. Koma mphunzitsi wa ku Dedza akafuna kukaona, ayenera kufika kaye ku Nkhata Bay kapena ku Monkey Bay, n'kudikira tsiku la sitima, n'kudikiranso tsiku lobwerera. Ndege ilipo, koma mtengo wake ndi wa alendo a madola. Ulendo umene kuno ungakhale wa Loweruka ndi Lamlungu, kwathu umadya tchuthi chonse. Ndipo amene akuvutika kwambiri si woona malo, ndi mayi wa pa Chizumulu amene akufuna kufika kuchipatala chachikulu.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya mchenga. Ku Spain lamulo la 1988 limati gombe ndi la anthu onse. Hotela ikhale ya nyenyezi zisanu, ilibe mphamvu yokutsekera njira yofikira pamadzi. Ndaona ku Mallorca banja litayala nsalu yake, litatsegula chikwama cha buledi ndi tomato, pafupi penipeni ndi alendo olipira ndalama zankhaninkhani pa usiku umodzi, mlonda osayankhula kanthu. Ku Greece amalonda atayamba kudzaza magombe ndi mipando yolipiritsa, anthu a pachilumba cha Paros anachita zionetsero mu 2023, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo lakuti 70 peresenti ya gombe izikhala yopanda mipandoyo. Kuno ku Scotland lamulo la 2003 limalola munthu kuyenda m'magombe, m'mapiri ndi m'nkhalango ngakhale malowo ali ndi mwini wake, bola asawononge kanthu ndipo asalowe pakhomo pa munthu.

Tsopano yendani msewu wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, kapena mutsikire ku Senga Bay. Mipanda ya njerwa yandandalikana, makoteji a makampani ndi a anthu a m'tauni amene amabwera kawiri pa chaka. Mudzi uli kumtunda, madzi ali kuseri kwa mpanda, ndipo anthu amadutsa pa kanjira kopanikizika kuti akachape, akatunge madzi, akakocheze bwato. Pa loji ina ndinaona mlonda akuthamangitsa ana amene anabadwira pomwepo, makolo awo ndi asodzi a pomwepo, kuti asasokoneze alendo. Ine anandilola chifukwa ndinatsika m'galimoto. Malowo anagulitsidwa ndi ndani, pa mtengo wanji, anthu a m'mudzi ambiri sanafunsidwe. Msodzi akasowa poyanika usipa ndi posokera ukonde, musadabwe akamaona mlendo ngati mdani.

Pa mitengo palinso phunziro. Kuyambira 1985 boma la Spain limathandiza okalamba opuma pantchito kupita kumahotela a kugombe pa mtengo wotsika, nyengo yozizira pamene alendo akunja achepa. Agogo amasangalala, mahotela satseka, ogwira ntchito sachotsedwa. Kwathu nthawi ya dzinja malo ambiri a kunyanja amakhala pululu, zipinda zotseka, koma mtengo uli pomwepo, kwina wolembedwa m'madola. Bwanji osatsitsa miyezi imeneyo kuti alandire aphunzitsi, anamwino, apolisi, magulu a banki mkhonde ndi ana a sukulu? A nthambi yoona malo osungirako zachilengedwe anayamba kale kulipiritsa Mmalawi ndalama zochepa kusiyana ndi mlendo pa zipata zawo. Eni mahotela onse atatengerapo, sangaluze.

Musaganize kuti ku Ulaya zonse zili bwino. Santorini, chilumba cha nyumba zoyera ndi madenga a buluu chimene mumachiona pa Facebook, chili ndi anthu pafupifupi 15,000, koma tsiku limodzi sitima zikuluzikulu zimatha kutsitsa alendo masauzande ambiri. Ku Oia dzuwa likamalowa mumakankhana m'tinjira moti mwini mudzi sangadutse ndi katundu wake. Madzi akumwa amachita kuwasefa kuchokera m'nyanja ya mchere. Ku Cinque Terre ku Italy, midzi isanu yomangidwa pa matanthwe, Monterosso, Vernazza, Corniglia, Manarola ndi Riomaggiore, njira zina zapansi umayenda utagula khadi, ndipo nyumba zambiri zasanduka zogona alendo. Ku Ibiza ogwira ntchito m'mahotela ena amagona m'magalimoto chifukwa lendi yakwera kupitirira malipiro. Mu 2024 anthu a ku Mallorca ndi a ku Canary anadzaza misewu kudandaula kuti alendo achulukitsa ndipo ana awo akusowa nyumba. Mzinda wa Venice chaka chomwecho unayamba kulipiritsa mayuro 5 kwa obwera tsiku limodzi, pamene zilumba za Balearic zinayamba kale mu 2016 kutolera msonkho pa usiku uliwonse umene mlendo wagona. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife tikulirira alendo ochuluka, koma tidziwiretu kuti ndalama ya mlendo ikabwera malamulo asanakhwime, woyamba kusamuka ndi mwini mudzi.

Ndipo chathu n'chosavuta kuwononga. Paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, zaka 13 Cinque Terre isanalowepo. Chifukwa chake ndi nsomba. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo mbuna zimene mumaziona m'miyala ya ku Thumbi, Domwe ndi Mumbo zambiri sizipezeka kwina kulikonse. Kuno ku Glasgow ndaziona zikugulitsidwa m'masitolo a ziweto, zolembedwa dzina la dziko lathu, pamene mwana wa ku Lilongwe sazidziwa n'komwe. Madzi atakwera mu 2024 n'kulowa m'maloji a ku Mangochi ndi Salima, tinaonanso kuipa komanga nyumba mpaka m'kamwa mwa nyanja.

Pali chimene timawaposa, ndipo ndimachisowa. Kuno anthu amapita kugombe awiriawiri, aliyense ndi buku lake, osalonjerana ndi woyandikana naye. Kwathu pa tsiku la anakubala, pa 15 Okutobala, kapena pa Khirisimasi, basi imanyamuka m'bandakucha, amayi a Mvano atavala nsalu zofanana, mapoto a mpunga ndi nkhuku ali kumbuyo, nyimbo kuyambira pa Lilongwe mpaka pa Salima. Mukafika wina amakupatsani chambo chowotcha musanamufunse dzina. Chisangalalo chimenecho sachigula ndi mayuro. Chotiipitsa n'chakuti tonse timapita tsiku limodzi, basi yodzaza kupyola muyeso, ena ataledzera n'kulowa m'madzi akuya asakudziwa kusambira, ndipo chaka ndi chaka timamva za omira. Pochoka timasiya mabotolo ndi majumbo. Pa magombe ena a kuno pamakhala opulumutsa anthu ndi mbendera: yofiira ikakwera palibe wolowa m'madzi. Mwera ukamakuntha ku Salima, ndani amauza mwana wa ku Kasungu kuti lero nyanja siyoseweretsa?

Kwa anzanga amene muli ku Britain ndi pasipoti ya Malawi, dziwani kuti chilolezo chokhala kuno sichikulowetsani ku Spain, Greece, Italy, Portugal kapena Croatia. Mufunika viza ya Schengen, imene kuyambira Juni 2024 ndi mayuro 90 kwa wamkulu, ndipo muzifunsira kukadali miyezi. Ngati n'zovuta, zilumba za ku Scotland sizifuna viza. Tulukaniko, osangokhalira mashifiti ndi kutumiza ndalama mpaka msana utapindika.

Pempho langa ndi ili. A makhonsolo a Mangochi, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay, Karonga ndi Likoma, pamodzi ndi mafumu athu, siyani njira zotakasuka zofikira pamadzi, ndipo patulani magombe a anthu onse okhala ndi zimbudzi, motaya zinyalala ndi opulumutsa anthu. Aphungu athu, sitima ya kuzilumba muziiwerengera ngati msewu. Eni maloji, lembani mtengo wa Mmalawi m'makwacha, ndipo ana a m'mudzi musawathamangitse. Nafenso akunja amene tikugula mapuloti kunyanja, tisakhale oyamba kumanga mpanda mpaka m'madzi. Mukapita kumudzi chaka chino, patulani masiku awiri, mutenge amayi ndi adzukulu awo mukawaonetse nyanja. Mukabwerako mundiuze kumene munalandiridwa bwino ndi kumene munabwezedwa pa geti, kuti tonse tidziwe kopita.