Masabata Asanu ndi Limodzi m'Dziko la Turkey

Maina a Efeso, Galatiya ndi Kapadokiya mumawamva kawirikawiri pa Misa, ndipo kapena mumayesa kuti malo amenewa anatha pamodzi ndi Apostoli. Iyayi, alipo ndithu, onse m'dziko limodzi la Turkey. Ife tinapitako m'chaka cha 2024, Pasaka itangopita: makolo awiri, ana athu atatu, ndi agogo awo, amene kuyambira utsikana anali ndi chikhumbo cha kukagwada m'nyumba imene anthu amati Amayi Maria anakhalamo. Maondo awo anali atayamba kale kukana, tsono tonse tinadziwa chamumtima kuti ukalephereka ulendo uno, sipadzakhalanso wina.

Tinayambira ku Istanbul, mzinda wokhala pa magombe awiri, lina ku Ulaya, lina ku Asia. Tinaoloka madzi a Bosphorus pa sitima, tikumwa tiyi wopanda mkaka m'timatambula tagalasi. Kumeneko kuli Hagia Sophia, tchalitchi chimene mfumu Justinian anachitsiriza m'chaka cha 537. Sultan Mehmed II atalanda mzindawo mu 1453 anachisandutsa mzikiti. Mu 1935 chinakhala nyumba yoonetseramo zakale, ndipo mu 2020 chinabwereranso kukhala mzikiti. Alendofe anatikweza pakhonde la m'mwamba, pamene tinaona nkhope ya Ambuye Yesu pakati pa Amayi Maria ndi Yohane Mbatizi, yopangidwa ndi timiyala tating'ono towala. Pansi pathu amuna, atavula nsapato, analikupemphera chakugwada. Agogo anatsala panja, nati maondo akuwasungira phiri la Maria. Lamulungu tinachita Misa ku tchalitchi cha Antonio Woyera, mumsewu wa İstiklal, pamodzi ndi anthu ambiri a ku Afrika, ndipo tinayesa kuti zidzakhala chomwecho ponseponse.

Ha, tinadzinyenga! Basi inayenda nafe usiku wonse kukafika ku Kapadokiya. Ku Göreme matchalitchi ndi ochuluka, osamangidwa ndi njerwa koma osemedwa m'thanthwe monga mmisiri asemera mtondo, ndipo m'makoma mwake mukali zithunzi za Oyera, zina zitakolokosoledwa maso. Ku Derinkuyu kuli mudzi wathunthu pansi pa nthaka, wozama mamita ngati 85, mmene anthu ankabisala pa nthawi ya nkhondo, natseka njira ndi miyala yozungulira yonga mphero. Koma Lamulungu litafika, m'matchalitchi onsewo munalibe wansembe ngakhale mmodzi, kotero tinapemphera Korona m'chipinda chathu chogona. Mwana wathu wamng'ono anafunsa kuti, "Nanga eni ake matchalitchiwa anapita kuti?" Yankho lake ndi lowawa. Mu 1923 maboma a Turkey ndi Greece anapangana kusinthana anthu potsata chipembedzo. Akhristu a Orthodox opitirira miliyoni imodzi, kuwerengera ndi amene anali atathawa kale nkhondo, anakakhala ku Greece, ndipo Asilamu a kumeneko anasamutsidwira ku Turkey. Onsewo anasiya manda a makolo awo. Lero mwa anthu 100 a dzikolo simungapeze Mkhristu ngakhale mmodzi wathunthu.

Za Konya, Antalya ndi zitunda zoyera ngati thonje za ku Pamukkale sitinenapo zambiri. Ana anakondwa, ife tinalikuwerenga masiku ndi ndalama.

M'mwezi wa Meyi tinafika ku Efeso. Bwalo la masewero, lokwana anthu ngati 25,000, likalipo, ndipo ndi momwemo mmene khamu linasokosera pamene Demetriyo wosula siliva anautsa chipolowe chifukwa cha Paulo Woyera. Kachisi wa Artemi amene ankamteteza watsala mzati umodzi wokha, ndipo pamwamba pake adokowe anamangapo chisa. Mzindawo sunaphedwe ndi nkhondo yokha ayi: mtsinje unadzaza doko ndi matope, nyanja inathawira kutali, malonda natha. Tinaimanso pa mabwinja a tchalitchi cha Maria, mumzinda umene Aepiskopi anasonkhana mu 431 natsimikiza kuti iye ndi Amayi a Mulungu.

Kanyumba kaja kali paphiri la Bülbül, pamwamba pa tauni ya Selçuk. Ansembe a chipani cha Lazarist ochokera ku İzmir anakapeza mu 1891, potsata masomphenya a sisitere wa ku Germany, Anne Catherine Emmerich, amene sanapondeko kumeneko moyo wake wonse. Tinene zoona: Eklezia sanalamule kuti tikhulupirire kuti ndi nyumba yeniyeni, ngakhale Apapa Paulo VI mu 1967, Yohane Paulo II mu 1979 ndi Benedikito XVI mu 2006 anakapempherako.

Galimoto imakwera phiri, koma chigawo chotsiriza ndi cha miyendo. Pakati pa njira agogo anakhala pansi, thukuta lili kamukamu, nati, "Pitani, mukandipempherere." Tisanayankhe, mayi wina wa Chisilamu wovala mpango wobiriwira anawagwira mkono, nanena mawu awiri okha amene tinawamva, "Meryem Ana," ndiko kuti Amayi Maria, pakuti Asilamu nawonso amamlemekeza, ndipo m'Korani muli mutu wotchedwa ndi dzina lake. Anayenda nawo pang'onopang'ono, mwana wathu wamkulu atagwira mbali inayo, kufikira pakhomo.

M'katimo ndi mochepa, mwa miyala, mopanda zokometsera zambiri. Agogo anagwada, ndipo powadzutsa panafunika anthu awiri. Titatuluka mayi uja anali atapita kale. Kunsi kwa kasupe kuli khoma limene Akhristu ndi Asilamu amamangirirapo timapepala ta zopempha zawo. Agogo anatunga madzi m'botolo, naitana mdzukulu wawo wamng'ono kuti awalembere. Atafunsa mwanayo kuti alembe dzina la yani, iwo anati, "Lemba kuti mayi wa mpango wobiriwira, ndi ana ake ngati ali nawo."